Katundu Wafika Yekha

Ku Dessie kwathu kuno, munthu amene simufuna kumuona pakhomo panu dzuwa lisanatuluke ndi a Yirdaw. Sikuti ndi munthu woipa, ayi. Ndi mkulu wofatsa, wamfupi, wa pachifuwa potakata ngati chitseko, ndipo ngakhale nkhuku ya eni ikalowa m'nyumba mwawo amaitulutsa moipepesa. Koma ndi iwo amene amaliza lipenga la bungwe la maliro la m'dera lathu, ndipo kukagwa zovuta ndi iwo amene amatsogolera akuluakulu kukagogoda pakhomo la ofedwa. Tsiku lina analawirira kukabwereka nkhwangwa kwa mayi wina wa kuseri kwa tchalitchi. Mayiyo atangotsegula chitseko n'kuona nkhope yawo, anadziponya pansi n'kuyamba kutchula ana ake mmodzimmodzi. Kuyambira pamenepo a Yirdaw akafuna nkhwangwa amadikira masana.

Ntchitoyi sanaifunsire. Ali mnyamata ankakweza katundu padenga la mabasi kudepoti n'kumaitanira anthu opita ku Kombolcha, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kumsika wa ng'ombe. Akuluakulu a bungwe anati chifuwa chotere chikungoonongeka pamabasi, n'kuwapatsa lipenga. Kuliza lipengalo anaphunzira sabata imodzi. Chimene chinawatengera zaka ndi mbali ina ija ya ntchitoyi, yomwe ndi kunama.

Pajatu kwathu uthenga wa imfa saupereka ngati moni. Munthu akamwalirira kutali, mayi ake kapena bambo ake sauzidwa pafoni, sauzidwa pamsewu, sauzidwa madzulo. Abale amayamba auzana okhaokha. Wina amachokera ku Woldia n'kunena kuti wabwera kudzaonetsa maso kuchipatala, wina amati amangodutsa. Mwini maliro amamudyetsa bwino, kumuseketsa, kumusiya agone, ndipo kukamacha m'pamene akuluakulu amagogoda. Ngati mtembo uli kunja kwa dziko, chinsinsicho chimatha kusungidwa mpaka bokosi litayandikira, dera lonse likudziwa kupatula mwini wake. Timati n'chifundo. Mwina n'chifundodi, koma ine ndimaona kuti ife a ku Dessie timadziwa kubisa imfa kuposa mmene timabisira batala m'nyengo yosala zakudya zamafuta.

Pa bodza lachifundo limeneli a Yirdaw anali katswiri. Mayi akayamba kukayika n'kuwafunsa, ankamuyang'ana m'maso osaphethira n'kunena kuti, “Mwana wanu ali bwinobwino, walankhula ndi achimwene anu ku Addis. Foni yake yangogwera m'madzi. Pitani mukadye, mukagone.” Mayiyo ankapitadi kukadya n'kugona, ndipo mbandakucha a Yirdaw omwewo ankaima pakhomo pake chipewa chili m'manja. Palibe amene ankawasungira chakukhosi. Pambuyo pa maliro ena ankabwera kudzawathokoza kuti anawapatsa usiku umodzi wa tulo.

Mkazi wawo anamwalira Serkalem, mwana wawo yekhayo, asanayambe sukulu. Anamulera okha, kapena tinene kuti anamulera ndi mayi Tiruye, mnansi wawo. Nyumba ziwirizi zimagawana khoma limodzi ladothi, lopyapyala moti wina akayetsemula kuno, wina amayankha uko. Mayi Tiruye ndi wamasiye, amaphika injera, mkate wathu wopyapyala uja, n'kumagulitsa m'malesitilanti, ndipo pakamwa pawo sipapuma. Ndi iwo okha m'dera lonse amene sankaopa nkhope ya a Yirdaw m'mawa. Ankangomenya khoma ndi chikhatho n'kukuwa kuti, “A Lipenga, mwafa kapena muli moyo? Khofi akuzizira kuno!” Mwana wawo Habtam anakula ndi Serkalem ngati mapasa, kumangana tsitsi, kumenyana, kudyera mbale imodzi. Onse awiri atalephera mayeso, anakwera basi imodzi kupita ku Addis, kenako ndege imodzi kupita ku Beirut kukagwira ntchito za m'nyumba, monga achitira atsikana ambiri a kuno.

Kumeneko anagwa m'manja osiyana. Serkalem anapeza mabwana omulola kuimba foni Lamlungu akamachokera kutchalitchi. Habtam anagwera kwa mayi wouma mtima, moti miyezi inkadutsa iye osamveka. Choncho Serkalem akaimba, mayi Tiruye ankamvera m'khoma muja n'kuthamangira kudzalanda foni, manja ali ufa wokhawokha.

Chaka chimenecho, mvula ikupita kumapeto, foni ya a Yirdaw inalira.

“Ababa, ndikubwera. Chikondwerero cha Mtanda chindipeza kumeneko.”

“Ukunena zoona, mwana iwe?”

“Zoona. Koma mvetserani. Katundu wanga ndamutumiza pa kampani ina, migolo iwiri. Ndege imangolola masutikesi awiri basi, ukapyola pamenepo amakulipitsa zoti ungakhale pansi. Migoloyo ibwera pang'onopang'ono, ine ndiyamba kufika. Koma ikapezeka yafika ine kulibe, musatsegule. Mwamva, ababa? Musatsegule.”

“Ndamva. Nanga mawu akowo akumveka choncho bwanji? Ukudwala?”

“Ndi chimfine chabe.”

Pamenepo chitseko chinatseguka mwamphamvu, mayi Tiruye n'kulowa. “Patseni kuno, inu mwalankhula mokwanira! Serke, mwana wanga, mnzako uja wamuonako? Umuuze kuti mayi ake sanafe, amve! Halo? Halo? Aaa, mafoni a masiku anowa!” Foni inali itaduka. Anakhala pansi awiriwo kudikira kuti iliranso, khofi mpaka kuzizira, koma sinalirenso.

A Yirdaw sanadandaule. Aliyense ku Dessie amadziwa kuti katundu wa makampaniwa amayenda ngati nkhono. Mtsikana amafika, anthu n'kumulonjera, iye n'kunenepa, mwina n'kupeza banja, migolo yake isanaoneke. Choncho anazira nyumba, n'kugula matiresi atsopano ndi tambala wamkulu wofiira. Maluwa achikasu anadzaza m'mapiri, anthu anayatsa chimoto cha Mtanda pabwalo, ana anaimba m'makomo. Serkalem sanafike. Foni yake ukaimba inkangoti yazimitsidwa. Tambala uja anakhala womangidwa mwendo pakhomo mpaka anazolowera chingwe, kenako a Yirdaw anamumasula.

Ndiye tsiku lina masana kalole kanaima pamsewu. Dalaivala wake, bambo wofiira maso ndi tulo, anagubuduza migolo iwiri ya pulasitiki yobiriwira, yokulungidwa ndi selotepi ngati mwendo wothyoka.

“A Yirdaw ndinu? Katundu wanu uyu. Sainani apa.”

“Nanga mwini wake?”

“Mwini wake ndinu, dzina lalembedwa apali ndi lanu.”

“Ndikunena amene watumiza. Mwana wanga. Ali kuti?”

“Madala, ine ndimanyamula migolo, sindinyamula anthu. Ndaitenga ku Addis, m'chinyumba mmene muli migolo yambirimbiri ngati imeneyi. Ku Beirut sindikudziwa n'komwe kuti kuli mbali iti.”

“Simunamveko kanthu kalikonse?”

“Ndamva kuti tayala langa lakutsogolo likutuluka mpweya, ndipo ndikufunika ku Woldia dzuwa lisanalowe. Sainani, madala, chonde.”

Amayi a m'makomo oyandikana anasonkhana n'kululutira. Mayi Tiruye anagogoda mgolo umodzi ndi chala, n'kuika khutu, n'kulengeza kuti muli mabulangete ndi miphika, ndipo mphika umodzi ndi wawo chifukwa mwanayo anamulera ndi iwo. Anthu anaseka. A Yirdaw anasekako pang'ono chabe. Iwo anali ataonapo katundu wofika yekha. Mtsikana akamwalira kunjako, anzake amasonkhanitsa zinthu zake n'kuzitumiza pa makampani omwewa, m'migolo yomweyi, ndipo kangapo konse a Yirdaw anathandizapo kubisa migolo yotere kwa wapampando wa bungwe mpaka tsiku logogoda litakwana.

Anaikokera m'nyumba n'kuiika kukhoma. Anapirira masiku angapo. Akadzuka inali pomwepo, akamadya inali pomwepo, ndipo nyumbayo ndi ya chipinda chimodzi, munthu sungayang'ane kumbali mpaka kalekale. Tsiku lina mayi Tiruye atapita kukapereka injera, a Yirdaw anatseka chitseko n'kutenga mpeni.

Mgolo woyamba unali wa chimwemwe chokhachokha. Munali mabulangete onunkhira sitolo, miphika yonyezimira, fulasiki, ndi jekete yakuda yaubweya mkati, ya msinkhu wawo ndendende. Anaivala n'kuima nayo pakati pa nyumba ngati mkwati. Mgolo wachiwiri munali sopo, makatani, nsapato zatsopano. Koma pansi penipeni panali kamtolo komangidwa mu mpango wakale. Atamasula anapeza mapatapata otha ku zidendene, chipeso chokhala ndi tsitsi, botolo la mafuta odzola lotsala theka, madiresi awiri osuluka. Ndipo pakati pa madiresiwo panali kachingwe kakuda ka m'khosi, kamtanda kake kakadali pomwepo.

Kachingwe kameneka wansembe amakumanga tsiku la ubatizo. Munthu amasamba nako, amagona nako, amabereka nako. Kakayamba kutha amamanga kena asanavule kakaleko. Palibe Mkhristu wa kwathu amene amavula kamtanda kake ali moyo n'kukatumiza pa lole.

A Yirdaw anakhala pansi, jekete yatsopano ikadali pathupi. Anakatembenuza kamtandako uku ndi uku. Timitanda totere timagulitsidwa pachipata cha tchalitchi chilichonse, ndipo bambo sayang'anitsitsa pakhosi pa mwana wake wamkazi. Mayi ake akanakhala moyo akanadziwa pongokhudza. Koma kakanakhala ka yani, mu mgolo wa Serkalem? Anakumbukira mawu aja a chimfine. Anakumbukira kuti “musatsegule.” Anaganiza kuti mwanayo anali atadwala kale, ankadziwa, ndipo anzake ndi amene anamalizitsa kulongedza. Anafuna kulira, koma kulira munthu akuluakulu asanagogode ndi malodza. Anamanganso kamtoloko n'kukalowetsa pansi pa matiresi atsopano aja. Sanauze munthu, makamaka mayi Tiruye, amene akanaliza dera lonse nthawi yomweyo.

Anayamba kuyendayenda. Anaimba nambala yolembedwa pamgolo, n'kuyankha mtsikana wa mawu okoma amene anafunsa ngati katundu wafika, ngati wasweka, ngati wasowa. Atamva kuti wafika wathunthu anati, “Ndiye vuto n'chiyani, bambo?” Anapita kumene kunali ofesi ya mkulu amene anakonzera atsikanawo ulendo, n'kupeza mukugulitsidwa zikwama za mafoni. Pamapeto pake anapita kwa a Tefera, wapampando wa bungwe, telala wakale amene anayenda nawo m'makomo a maliro kuyambira kalekale.

Atalowa pampanda anaima. Tenti ya bungwe inali itayanikidwa padzuwa. Amayi atatu ankakwecha miphika ikuluikulu ndi phulusa, ndipo atangowaona nkhani yawo inathera pakati. Zaka zonsezi tenti imeneyi inali isanatulukepo a Yirdaw osadziwa.

“A Tefera, tentiyi yatuluka bwanji? Watisiya ndani?”

“Palibe, achimwene. Yangochita nkhungu ndi mvula ija.”

“Nkhungu. Miphikanso yachita nkhungu?”

“Takhalani pansi timwe khofi.”

“Khofi wanuyo sindikumufuna. Ine ndi inu tanamiza anthu limodzi kuyambira tsitsi lathu lili lakuda. Ndiuzeni basi. Sindikomoka, sindidziponya pansi, sindiuza munthu. Mwana wanga ali moyo?”

A Tefera anawayang'ana m'maso osaphethira. “Ali moyo. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Walankhula ndi alamu anga ku Addis posachedwapa. Mapepala achedwa, basi.”

“Walankhula ndi alamu anu. Bambo ake omubala ali ndi foni m'thumba, iye n'kukalankhula ndi alamu anu.”

“Mwina nambala yanu…”

“Nenani kuti foni yake yagwera m'madzi, mumalize. Limenelo ndinakuphunzitsani ndine.”

A Tefera anapukuta kumaso ndi chikhatho, n'kuyang'ana kwa amayi aja, n'kutsitsa mawu. “Achimwene, pali zinthu zimene sindingakuuzeni lero. Inu nkhope yanu masiku ano siisunga kanthu. Koma Serkalem ali moyo. Pitani mukadye, mukagone.”

A Yirdaw anaseka kuseka kowawa n'kutuluka. Apa m'pamene ine ndimawamvera chisoni kwambiri mkuluyu. Munthu wina aliyense akanalandira lumbiro limenelo n'kupezako tulo. Koma iwo anali atalumbirapo chimodzimodzi, ndi maso omwewo, kwa amayi amene ana awo anali ali kale m'bokosi. Kaya a Tefera ananena zoona kaya ananama, mawu ake akanakhala omwewo. Panalibe munthu m'Dessie yense amene akanawauza kuti mwana wawo ali moyo iwo n'kukhulupirira, ndipo panalibe amene akanawauza kuti wamwalira tsiku lisanakwane. Anasowa mtengo wogwira.

Zizindikiro nazo zinkangobwera, ndipo ankaziwerenga zonse, poti ndi zimene anakalamba nazo. Wogulitsa nyama anawaonjezera chiwindi osapempha. Wansembe anawagwira dzanja nthawi yaitali atapsompsona mtanda. Akamadutsa pamene amayi akutunga madzi, nkhani inkasanduka ya mtengo wa anyezi. Kenako kunafika mlongo wake wa mayi Tiruye kuchokera ku Kombolcha, bambo amene anali asanapondeko kuno zaka zambiri, akuti wabwera kudzaonetsa maso kuchipatala. A Yirdaw anangogwedeza mutu. Iwo alibe m'bale pafupi, ndiye anaona kuti bungwe labwereka m'bale wa mnansi kuti adzawagwire pa tsikulo.

Anayamba kudzuka tambala asanalire. Ankasamba kumaso, kuvala bwinobwino, kufunda gabi, nsalu yawo yoyera ya thonje, n'kukhala m'mphepete mwa bedi kumvetsera mapazi. Sankafuna kuti akuluakulu adzawapeze ali chigonere, monga iwo anapezera ena ambiri, maso ali manthongo, akufufuza nsapato. Mapazi ankabwera n'kudutsa: amayi opita kutchalitchi, munthu wa bulu wopita kumsika. Dzuwa likatuluka ankadziwa kuti apatsidwa tsiku lina, ndipo sankadziwa ngati athokoze kapena atukwane. Chifuwa chija chinayamba kulowa m'kati.

Mayi Tiruye anatopa nazo. Tsiku lina analowa ndi mbale ya injera ndi ndiwo za nsawawa n'kuiika pamaondo pawo.

“A Lipenga, mukufuna mufe musanamuone mwana wanuyo? Idyani apa. Wangayo watha miyezi ingati osandiimbira? Mwandiona ine nditauma ngati chikuni? Ana amenewa akaona magetsi a kunja amaiwala kuti anayamwa. Asiyeni. Akangofika Serke wanuyo ndidzamukoka khutu inu mukuona.”

“Mayi a Habtam,” anatero a Yirdaw, “mukanakhala kuti mwamvako kanthu, mukanandiuza?”

“Ine? Pakamwa panga pano munthu angasungepo chinsinsi? Anthu akafuna kuti nkhani ifike msanga ku Kombolcha salipira basi, amandiuza ine.”

Anaseka mpaka kudzimenya pantchafu, ndipo a Yirdaw anawakhulupirira. Anali munthu yekhayo amene anamukhulupirira m'masiku onsewo. Anaganiza kuti n'chifukwa chake bungwe lawabisira nawonso. Dzanja lawo linafika m'mphepete mwa matiresi, pamene panali kamtolo kaja, koma analibweza.

“Ndipo zitakhala zovuta,” anatero mayi Tiruye atasiya kuseka, “Mulungu asalole, simuli nokha. Maliro n'kulirana. Mwanayo ndinamulera ine, ndidzalira ine mpaka mawu atatha. Inu idyani.”

A Yirdaw anadya, chifukwa mayiwo anaima pomwepo mpaka mbale itayera.

Kugogoda kunabwera Loweruka lina kunja kukungoyera. Kunali kugogoda kofewa, kwa chala chimodzi, kumene iwo ankakudziwa bwino. Anali atavala kale. Anaimirira, n'kukonza gabi paphewa, n'kutsegula.

Panja panali a Tefera, wansembe, akuluakulu ena awiri, ndi mlongo uja wa mayi Tiruye, onse zipewa zili m'manja. A Yirdaw anali atalonjeza kuti sadzagwa. Anagwira mphuthu ya chitseko.

“Nenani,” anatero.

A Tefera anangosuntha pang'ono. Kumbuyo kwawo kunali mzimayi wowonda wovala zakuda, atafunda nsalu yake mozondotsa, mmene timafundira pamaliro. Anadutsa pakati pa akuluakuluwo mwachangu n'kuika chikhatho chake pakamwa pa a Yirdaw.

“Ababa, musakuwe. Khoma, ababa.”

Anali Serkalem. A Yirdaw anamugwira kumaso, m'mapewa, m'mikono, ngati wakhungu. Anamugwira pakhosi, n'kupeza kachingwe kake kali pomwepo.

“Ndi Habtam,” ananong'ona mtsikanayo, misozi ikutsika. “Anadwala, anachedwa naye kuchipatala. Tsiku lija ndinakuimbirani anali atapita kale. Ndinkaganiza kuti ndibwera msanga, koma sindikanamusiya yekha m'dziko la eni, ndimadikira mapepala ake. Bokosi lili m'galimoto kumsewuko. Sindikanatha kuimbanso, ababa. Amayi a Habtam akanalanda foni, ndiye ndikanawauza chiyani?”

“Kamtolo kaja…”

“Munatsegula? N'kake. Achipatala ndi mabwana ake anandipatsa.”

Tisabise, a Yirdaw anasangalala. Chimwemwe chinawakwera kuchokera kumapazi mpaka kukhosi, chimwemwe chachikulu chopanda ulemu, ndipo nthawi yomweyo anachita nacho manyazi oopsa. Anafuna kukuwa kuti dera lonse limve kuti mwana wawo ali moyo, koma anangoluma gabi, atatsamira chitseko, Serkalem atabisala m'mthunzi wa khomo kumbuyo kwawo.

Pamenepo chitseko cha nyumba inayo chinalira. Mayi Tiruye anali atamva mapazi. Anatuluka mpango uli m'manja, n'kuona wansembe, n'kuona a Tefera, n'kuona zipewa m'manja, n'kuona a Yirdaw ataluma gabi pakhomo pawo. Anataya mpango n'kuika manja kumutu.

“Mayo ine! Serke mwana wanga! Mayo, mwana ndinamulera ine! Anadziwa mkuluyu, ife tinkamuseka!”

Anathamanga, n'kukankha akuluakulu aja, n'kuwakumbatira a Yirdaw mwamphamvu. “Gwirani ine, bambo a Serke, gwirani ine! Musagwe! Ndili pano!”

Ndiye poyang'ana kupyola paphewa lawo, anamuona. Kulira kunaduka.

“Serke?”

Anatambasula dzanja limodzi n'kumukhudza patsaya. Kumaso kwawo kunayamba kuseka misozi ikadali pomwepo. “Iwe! Uli moyo? A Lipenga, taonani! Sindinkakuuzani ine? Mwana woipa iwe, watizunza bwanji! Nanga wavala zakudazi…”

Anasiyira pomwepo. Anayang'ana nsalu yozondotsa ija. Anayang'ana mlongo wawo, amene maso ake odwala aja anali pansi. Anayang'ana wansembe, n'kuyang'ananso kumsewu, kumene galimoto inaima chete, magetsi ake atazima.

“Nanga,” anatero ndi mawu ang'ono amene palibe anali atawamvapo kwa iwo, “nanga mwadzera yani kuno?”

A Tefera anayang'ana a Yirdaw. Wansembe anayang'ana a Yirdaw. Akuluakulu onse anatembenukira kwa iwo, chifukwa pakhomo lililonse la m'dera lathu mawu oyamba amanena ndi iwo. A Yirdaw anachotsa gabi kukamwa. Mayi Tiruye anali asanawasiye, dzanja lawo linali likadawagwira m'chiuno, kuwachirikiza kuti asagwe.